Mudzi Wanga Unasamuka Osandiuza

Mdzukulu wanga wamkazi atapeza ntchito pasitolo ina ku Mandevu, anamuuza kuti asabwere wopanda chitupa, chija timati reji. Ku ofesi ndinamuperekeza ndine, chifukwa pachitupapo amalembapo mudzi, mfumu ndi boma la kwanu. Iye anabadwira mu Kanyama muno, ndipo mudzi amangoumva m'kamwa mwanga.

Kalaliki, mayi wa magalasi, anafunsa mudzi. Ndinatchula. Anafunsa boma. Ndinatchula mokweza dzina lomwe lili pa reji yanga yakale.

"Bashikulu, uyu munzi siuli mu boma iyo," anatero mayiyo, kunditchula agogo m'chinenero chake. "Banagawa boma yakale. Manje muli ku boma yanyowani."

"Anasamutsa mudzi? Nanga manda a amayi anga ananyamulira pachiyani?"

Anaseka, koma sanalembe kanthu. Mdzukulu anandiponda phazi. "Agogo, vomerani chabe, nchito izapita."

Ndinafuna kukana. Dzina lakalelo ndi lomwe ndakhala ndikuyankha zaka zonsezi munthu akandifunsa kwathu, pamaliro kapena pamowa. Koma chimwalirire amayi sindinapiteko, ndipo amene anajambula malire atsopanowo mwina anapondako posachedwa kuposa ine. Ndinapempha mayiyo kuti anene dzina latsopanolo kawiri kuti ndiligwire bwino, kenaka ndinati alembe.

Lolemba lotsatira mtsikanayo anayamba ntchito. Tsopano m'nyumba imodzi tikukhala anthu a maboma awiri, ndipo akachedwa kundipatsa tiyi ndimamuuza kuti anthu akwawoko ndi aulesi, kwathu kulibe zotere.