Disiki ya Ukwati wa Ba Lighton

Ba Lighton, amene anakalambira pa ntchito ya njanji ku Kafue, anali ndi disiki imodzi yokha ya ukwati wawo ndi malemu Winfrida. Itayamba kudumphadumpha, anapempha mkazi wawo wachiwiri, Naomi, kuti apeze pulogalamu yosavuta yokopera mafilimu pa laputopu.

"Ndaipeza, ndipo ndakopa kale," anatero Naomi, akuwapatsa disiki yatsopano. Yakale ija anaithyola n'kuiponya pa mbaula. "Iyi yatha ntchito."

Lamlungu masana Ba Lighton anaika yatsopanoyo m'makina. Munalibe kanthu.

Naomi anaseka. "Mumafuna ndizimuonerabe Winfrida mpaka liti m'nyumba mwanga?"

Ba Lighton anapita kukafukula phulusa la pa mbaula ndi zala, koma anangopeza pulasitiki yosungunuka.