Tsiku limene ndinaluza mpikisano wa mavuto

Ku Lewisham, kuno kudziko la azungu, ndimakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire, wochokera ku chilumba china cha ku Caribbean. Tinadziwana podikira basi, ndipo posakhalitsa tinatulukira kuti tonse tinakulira pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi, aliyense kudziko lakwawo. Ine zimenezi ndinkanyada nazo. Anzanga a kuntchito ankandimvetsera kukamwa kuli yasa ndikamasimba za kwathu, mpaka ndinayamba kudziona ngati mwini wake wa mavuto.

Tsiku losankha makhansala tinapitira limodzi kokavota. M'njira ndinayamba nyimbo yanga ija.

"Kwathu, bambo, popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika."

Anagwedeza mutu mwaulemu. "Kwathu pepala linkabwera ndi dzina limodzi, atalipindiratu," anatero. "Msilikali akupatsa, iwe n'kuponya m'bokosi, n'kuthokoza. Chaka china ndinadwala, sindinapite. M'mawa mwake wailesi inati aliyense wavota. Ngakhale bambo anga anavota, ali m'manda."

Ndinasakasaka m'mutu nkhani yoposa pamenepo, osaipeza. Chinandiwawa ngati andilanda mpando kutchalitchi.

Malo ovotera anali holo ya sukulu ya ana. Mayi wina anatipatsa mapepala, aliyense n'kulowa kumalo kwake. Nditayang'ana, mayina mbwee, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndinkamudziwa. Ndale za ku Lilongwe ndimazitsata pafoni mpaka kudziwa nduna imene yakwiya, koma timapepala takampeni ta anthu awa ndinkapukutira mawindo. Ndinachonga dzina lina chifukwa linafanana ndi la dokotala wanga wa mano, munthu wa dzanja lofewa.

Mnzanga uja anachedwa. Ndinamuona atavala magalasi, akuwerenga dzina lililonse ndi chala, milomo ikuyenda. Potuluka maso ake anali onyowa.

"Ndimachedwera dala," anatero. "Kumbuyo kwanga kulibe mfuti. Inu mwafulumiratu."

"Ndinaganiziratu kale," ndinayankha, nkhope ili gwa.

Pobwerera anayamba kufotokoza amene akufuna kutseka laibulale ndi amene analonjeza kukonza za mabini a zinyalala, nandifunsa maganizo anga. Ndinayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ikubwera. Inabweradi, tinathamangira pamthunzi wa sitolo, ndipo nkhani inathera pomwepo.