Mpeni Wokana Kutseka

Ntchito yanga ndi kugula nsomba ku Chanyanya n'kukagulitsa ku Nangongwe, koma luso langa lenileni ndi kunyoza katundu wa anthu. Nsomba ikali kuphiriphitha m'bwato, ine ndimainunkhiza n'kukwinya nkhope mpaka msodzi ayambe kuikayikira yekha. Mkazi wanga amati ngakhale pomufunsira ndinayamba ndamupezera chilema.

Kuseri kwa msika kunali mdala wina wosula mipeni yopinda. Anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo itatha anamanga chisakasa cha malata n'kuyamba kusula. Chitsulo chinali cha masipuling'i akale a galimoto, chogwirira cha nyanga ya ng'ombe. Ukautseka mpeniwo unkalira kuti "tha!", nsonga yonse n'kubisala m'nyanga. Azimayi otumbula nsomba kumtsinje ankaumanga pamfundo ya chitenje osaopa kanthu.

Ine ndikafika pogula ndinkayamba mwambo wanga.

"Ba mudala, nyanga iyi ni ya ng'ombe yodwala."

"Ika pansi, wansomba iwe, uzanunkhitsa katundu wanga."

Linali bodza, ndipo tonse tinkadziwa. Kwa zaka zambirimbiri ndinanamizira mipeni yawo zilema, iwo n'kumatsitsako pang'ono kuti ndichoke.

Chilimwe chathachi anandikodola ndikudutsa ndi njinga. Pamoto panali phulusa lokha. Anandiuza kuti mwana wawo wamkazi akuwaumiriza kusiya ntchito chifukwa maso achita nkhungu, koma iwo akukana. Kenaka anandiika m'manja mpeni watsopano.

"Bonse bakamba ati uli bwino," anatero. "Banimvera chifundo. Iwe ulibe chifundo. Unyoze."

Ndinautsegula. Unali wakuthwa ngati kale. Potseka sunalire. Chitsulo chinagunda m'mbali mwa nyanga, nsonga n'kutsala panja. Bowo la msomali wapakati analiboola cham'mbali. Mpeni wotere m'thumba umang'amba ntchafu, ndipo pachitenje pamakhalanso mwana.

Ndinadziwa kuti ndikanyoza nyanga monga mwa masiku onse, adzaseka, mawa n'kukolezanso moto. Ndinayamba kumene.

"Ba mudala, nyanga iyi..."

"Siya nyanga."

Sanaseke. Ndinagwira chala chawo chachikulu n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pampeni wotsekawo mpaka chinafika pansonga. Anachisiya pomwepo nthawi yaitali.

"Nenze nauganizira," anatero motsitsa mawu. "Sunalile."

Ndinati ndiugule, ndizigwiritsa ntchito kunyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinafunse zotsitsa.

"Sinigulitsa vovunda," anayankha. "Sindine wansomba."

Anauponya m'chitini cha zitsulo zotha. Sabata yomweyo mwana wawo anabwera kudzanyamula mvukuto ndi nyundo.

M'chisakasa muja tsopano amatchajitsamo mafoni. Ku Chanyanya azimayi akutumbulira timipeni ta m'sitolo, tomwe timachita dzimbiri mvula isanathe, ndipo ena amangokulunga chitsulo m'kansanza chogwirira chikathyoka. Amene adakali ndi mipeni ya mdala sabwereketsanso. Msomali ukakhwefuka palibe woukhoma, ndiye mpeniwo umapita m'sutukesi pamodzi ndi zovala za kutchalitchi. Mayi wina wogulitsa milamba atamva kuti ndine ndinatseketsa chisakasa cha mdala, anandikaniza nsomba mwezi wathunthu. Sindinadzikanire.

Mdala akukhala kwa mwana wawo ku Nangongwe, pakhonde loyang'ana msewu wa maminibasi. Ndikatsala ndi nsomba yabwino ndimawapatukira. Sandiona bwino, koma amati fungo limandilengeza ndikali pageti. Amatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa mpeni wanga wakale, womwe chitsulo chake chaonda ndi kunola. Amautsegula, n'kuutsekera pafupi ndi khutu.

"Uyu ukali bwino," amatero.

"Koma nyanga yake ni ya ng'ombe yodwala, ba mudala."

Amaugwirabe kanthawi asanandibwezere.