Chimdisiki cha Dwight Chagwira Ulonda

Mu tauni ya Duluth ku Minnesota anthu ansanje alipo, koma onsewo akadali ana asukulu pamaso pa Dwight Halvorsen. Mkuluyu anakonza mafiriji zaka makumi atatu, ndipo atapuma pantchito mtima wake unatsikira kuchipinda chapansi, kumene kuli bokosi lake la madisiki anayi losungiramo zithunzi ndi makanema. Amalipukuta kawiri patsiku. Akuti chipale chofewa chikagwa amalifunditsa bulangete, mkazi wake Marlys n'kumanjenjemera kumtunda.

Tsoka linabwera bokosilo litadzaza. Marlys, osafunsa, anatenga zithunzi za adzukulu n'kukasungitsa kwa mchimwene wake Curtis, amene bokosi lake likayaka magetsi amaphethira tauni yonse. Adzukulu a Dwight kukagona m'makina a mlamu! Munthu anakana nyama yowotcha masiku atatu, anaonda mpaka lamba anayamba kumuzungulira kawiri.

Tsono anakagula disiki imodzi yaikulu, ya materabaiti makumi awiri, pamene zake zakale zinali za asanu ndi atatu iliyonse. Anaitana Curtis Loweruka m'mawa kuti adzaone ndi maso ake.

"Alamu, kabokosi kanu kaja kadakapumabe?" anatero Curtis akutsika masitepe, kapu ya khofi ili m'manja.

"Khala apo, mwana iwe, uone zazikulu. Madzulo ano ukanditengere adzukulu anga."

Dwight anazula disiki imodzi yosunga zithunzi, n'kulowetsa chimdisiki chatsopanocho. Makina anakana. Anayesanso. Anakananso.

M'bokosi lotere, disiki imodzi imakhala mlonda. Eni ake amati pariti. Siisunga chithunzi n'chimodzi chomwe, ntchito yake n'kukumbukira za anzake kuti wina akafa imuutse. Ndipo lamulo lake n'lakuti mlonda asachepe kuposa amene akuwalondera. Dwight lamuloli ankalidziwa bwino, anali ataphunzitsapo theka la Minnesota. Koma nsanje ikalowa, nzeru zimatulukira pawindo.

Curtis anaseka mpaka khofi anatulukira m'mphuno.

"Alamu, mwagula njovu kuti izilondera nkhuku! Chimenechi chikhala mlonda basi."

"Ndiye mlonda wakaleyo azisunga zithunzi."

"Mumuika pati? Mipata ndi inayi, yonse ili ndi eni ake. Kapena m'thumba la malaya?"

Dwight anawerenga mipata. Inayi. Anawerenganso kuyambira kumanja, mwina ingachuluke. Inayi. Chimdisiki chonsecho, malo owonjezera osakwana ngakhale chithunzi cha mphaka.

"Komanso," anatero Curtis akupukuta misozi, "mlonda watsopano amatenga masiku awiri kuti aloweze zonse. Masiku amenewo bokosi lili pambalambanda. Disiki ina ikangotsokomola, zapita."

Marlys anali pamasitepe, dengu la zovala lili m'chiuno. Anamva zonse.

"Kanema wa ukwati wathu ali mmenemo?"

"Ali bwinobwino, mayi, osadandaula."

"Sindikudandaula. Musanakhudze kanthu, mumukopere kwa Curtis. Ndi wa maliro a amayi yemwe."

Masana amenewo anthu a mumsewumo anaona Dwight akuwoloka chipale, atakumbatira kadisiki konyamula m'manja, muli makanema aja, ngati wapita kukasiya mwana kwa eni. Curtis anamutsegulira chitseko n'kuwerama.

"Lowani, alamu. Malo alipo. Mukafuna, bweretsani ndi bokosi lomwe."