Mbiya yotsukidwa ndi sopo

Mbiya yanga yofululira mowa sindinkaitsuka m'kati. Kunja ndinkaipukuta, koma pansi pake ndinkasiya nsenga za mowa wapitawo kuti ziume momwemo, monga ankachitira mayi anga kwathu ku Chitala. Ukathiramo phala ndi chimera, nsengazo zinkadzuka zokha, mowa n'kuyamba kuwira.

Chaka chimene tinkamanga chiliza cha malemu amuna anga, miyendo inali itayamba kale kundikana. Mtengwa wanga, mkazi wa mwana wanga, wa ku Lifuwu wokulira m'banja losamwa, anafuna kundipeputsa ntchito. Anatenga mbiya ija n'kuikwecha ndi mchenga ndi sopo mpaka m'kati mbee. Anabwera nayo akumwetulira. Ndinangoti zikomo mayi, nanga ndikanati chiyani.

Tinathira phala. Linangokhala duu, ngati madzi a pachithaphwi. Abale a amuna anga tinali titawauza kale tsiku, ndipo kwa anthu amenewo chiliza chopanda mowa ndiye kuti munthuyo simunamulire.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amagwira ntchito yoyeza tinthu tosaoneka ndi maso, anali atabwera kudzathandiza. Anasuzumira mu mbiyamo n'kundiuza kuti mu nsenga zija munali tizamoyo, dzina lake yisiti, tomwe iye amaweta m'timbale tagalasi. Akuti kalikonse kali ndi timakomo pakhungu pake. Pali chakudya china, chachibale ndi chija chimanunkha mu usipa woola, chimene kamoyoko kamafuna kuti kaswane. Chikachepa sikakula, chikachulukitsa kamafa. Ndiye makomo ena amalowetsa, ena amatulutsa, ndipo nzeru yotsegula ndi kutseka kamabadwa nayo, ndi ya kumtundu. Ntchito yake iyeyo akuti ndi kuwononga khomo limodzi, n'kudikira aone ngati kakhalabe moyo.

Ndinamufunsa ngati satopa kulondera makomo osaoneka. Anaseka, akuti amatopa kuposa ine. Yisiti wa m'mapaketi wa kugolosale anati angawiritse ndithu, koma ndi mtundu wina, woweteredwa buledi.

"Wanu uja wapita, agogo. Pokhapokha ngati munagawirako munthu."

Kugawa sindinagawe. Koma amuna anga atakwatira mitala, anatapa okha nsenga zanga m'chipanda n'kupita nazo kwa mkazi wamng'ono ku Chipoka, ine ndikuona. Mayiyo ndi ine tinali tisanalankhulane chiikire maliro.

Ndinakwera minibasi ya ku Chipoka. Kondakitala anachita kundikankha kumbuyo ngati thumba la mpunga kuti ndilowe. Ndinamupeza mnzangayo ali pakhonde akusankha nyemba, tsitsi lonse loyera, bondo limodzi atalimanga nsanza.

"Mwabwera kudzalanda zanu, akulu?"

"Ndabwera kudzapempha."

Anakwawira m'nyumba, ndinamva akupala pansi pa mbiya ndi chikombe. Kenako tinakhala pamphasa kuonetsana miyendo, uyu akuti wanga umatupa m'mawa, ine ndikuti wanga sugona. Za mwamuna sitinatchule. Anati kuchiliza sabwera, msewu ungamuphe.

Nditathira nsengazo, m'mawa mwake mbiya inayamba kulankhula, thovu mpaka m'milomo. Mtengwa mtima unakhala pansi, inenso chimodzimodzi. Koma nditalawa ndinadziwa kuti si wanga. Unali wowawasa kumapeto, kafungo kake kena. Mdzukulu anati n'zoona, zaka zonsezi tizamoyoto takhala tikudya za nyumba ina, ndiye tomwe makomo ake anagwirizana ndi chakudya cha kumeneko ndi tomwe tinaswana.

Tsiku la chiliza anthu anamwa, palibe anadandaula. Alamu anga aakulu anamwa chipanda chonse, anapukuta ndevu, n'kunena pamaso pa anthu kuti uwu ndiye mowa umene malemu ankaukonda, mlamu mwatilemekeza.

Ndinawomba m'manja monga mwa ulemu. Ndinapatsa mtengwa chikho kuti apitirize kutungira alendo, ine n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, kutambasula miyendo.