Diso la Mayi Mipata

Pakampani paja aliyense ankawatchula kuti Mayi Mipata, moti dzina lawo lenileni linkangopezeka pa chiphaso basi. Ntchito yawo njovuta kuifotokoza kwa achibale. Kampaniyo imapanga zilembo, zomwezi mumaziwona pa chikwangwani cha pamsewu ndi pa foni yanuyo. Wina amajambula mimba ya b, wina amakonza mchira wa g, ndiye Mayi Mipata amabwera pomaliza kudzayeza mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake, kuti mawu asathithikane pena n'kutayana pena. Amuna awo, omwe ndi telala, ankakonda kuuza makasitomala kuti, "Mkazi wangayu amalipidwa chifukwa cha malo opanda kanthu." Nthabwala yomweyo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo woseka anali iwo okha.

Disolo analitengera kwa bambo awo, omwe ankalemba zikwangwani za masitolo ndi burashi. Ali kamtsikana ankaima kutsidya kwa msewu n'kumakuwa kuti, "Ababa, R uyo wathawa anzake." Atakula anagwira zaka makumi awiri kunyumba yosindikiza mabuku, mpaka tsiku lomwe anapeza loko pageti. Ntchito yatsopanoyi inawapeza imvi zitayamba kale, ndipo anaigwira ndi manja awiri. Antchito onse khumi ndi awiri amagwirira kunyumba, aliyense mzinda wake, kuwonana pakompyuta pokha. Ofesi ya Mayi Mipata ndi kachipinda kotsamirana ndi kosokera, momwe makina a amuna awo amamveka tsiku lonse kudzera pakhoma.

Kamodzi pachaka abwana amawaitana onse kunyumba ina ya alendo, masiku atatu, kuti aliyense akumbukire kuti anzake ali ndi miyendo. Abwanawo ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene anayambira kampaniyi pa tebulo la kukhitchini kwake. Tsiku lomaliza pamakhala chimene iwo amangochitchula kuti Khoma. Abwana amasindikiza tsamba lalikulu la zilembo zatsopano, atabisamo dala cholakwika chimodzi chaching'ono ngati tsitsi. Amalimata pakhoma, amalemba mzere wa choko pansi, mapazi asanu kuchokera pakhomapo, ndipo onse amaima kuseri kwa mzerewo. Woyamba kuchiwona amatenga pensulo yofiira n'kukachizunguliza, tsambalo n'kupita nalo kwawo. Mayi Mipata anali ndi masamba asanu ndi atatu pamwamba pa kabati.

Chaka chino anapita ku msonkhanowo mtima uli m'mwamba, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, m'mawa wina, anawona kuti felemu ya chitseko cha kachipinda kawo yapindika pakati. Anaitana amuna awo kuti akakalipire kalipentala. Atelala anayang'ana chitseko, anayang'ana akazi awo, n'kunena kuti chitseko chilibe mlandu. Mayi Mipata atatseka diso lamanja, felemuyo inawongoka yokha. Atalitsegula inapindikanso. Anakhala pansi pomwepo.

Adokotala sanazungulire. Kuseri kwa diso lamanja kwawonongeka, ndipo sikubwerera. Lamanzere likhoza kutsatira chaka chamawa, kapena patapita zaka zisanu, kapena osatsatira konse. Munthu amene moyo wake wonse wadya za mizere yowongoka, mumuuze zimenezo, abale, akagona bwanji?

Atelala anadula kansalu kakuda n'kukasokerera bwinobwino pa galasi lamanja la magalasi akale. Ndi amenewo Mayi Mipata ankagwirira ntchito, ndipo ntchito inkatuluka yoyera ngati kale. Ikakwana nthawi yowonana ndi anzawo pakompyuta ankawavula msanga n'kuvala abwino. Sanauze munthu. Kunyumba yosindikiza kuja anawonapo mkulu wina, katswiri weniweni, manja ake atayamba kunjenjemera: anamuchotsa pamakina mwaulemu, anamupatsa makiyi a kosungira mapepala, ndipo chaka chisanathe anamutsanzika ndi wotchi ya pakhoma. Mayi Mipata ankaopa wotchi imeneyo kuposa mdima.

Kunyumba ya alendo mavuto anayambira pamasitepe. Anaphonya yomaliza n'kugwira phewa la Wamichira, chimunthu cha mawu ngati lole, amene amajambula michira ya zilembo ndipo sasowa chonena. "Mwayamba kale kundigwadira, amayi? Chaka chino Khoma ndi langa, ndakhala ndikudya kaloti." Anthu anaseka, iwonso anaseka. Pa nthawi ya tiyi anathira mkaka pambali pa kapu, n'kunamizira jagi. Masana, anzawo akupatsirana mapepala kuti awone, iwo ankangoti, "Ndiwone bwino kunyumba."

Tsiku lachiwiri abwana analengeza ntchito yaikulu ya chaka chamawa: zilembo za pa mabotolo a mankhwala, zing'onozing'ono, zoti agogo athe kuwerenga kuti amwe angati. "Diso lomaliza likhala la Mayi Mipata, monga mwa masiku onse," anatero. Anthu anawomba m'manja. Mayi Mipata sanawombe nawo. Chikwangwani chikalakwika anthu amangoseka, koma botolo la mankhwala saseka nalo.

M'mawa wa tsiku la Khoma anadzitsekera m'bafa n'kuimbira amuna awo.

"Bambo a kwathu, ndikuopa. Ndinene kuti mutu ukundipweteka?"

"Mutu wakewo udzakupwetekaninso chaka chamawa?" anafunsa atelala. Makina anali ataima. "Magalasi aja muli nawo?"

"Ali m'chikwama."

"Ndinasoka bwinotu amene aja. Palibe ulusi wotuluka. Musachite nawo manyazi."

M'chipinda chochitira misonkhano matebulo anali atawakankhira kumbali. Tsamba linali kale pakhoma, lalitali ngati chitseko, mizere makumi awiri ya mawu akuda bii. Pensulo yofiira inali pampando, pakati. Anthu khumi ndi awiri anandanda kuseri kwa choko, ndipo abwana anati, "Yambani."

Mayi Mipata anakweza maso. Tsamba lonse linkasambira. Diso lamanzere linkati mzere uli apa, lamanja linkaukokera uko, ndipo zilembo zapakati zinkapindika ngati waya wowotchedwa. Anayesa kutsinzina diso lamanja mobisa. Koma munthu amene wapambana kasanu n'katatu sayang'ana yekha. Theka la anthu aja linkayang'ana nkhope yawo m'malo mwa khoma.

"Amayi akunditsinzinira, mwawona?" anatero Wamichira. "Ndine wapabanja ine."

Anthu anaseka, ndipo Mayi Mipata anatsegula diso lija msangamsanga.

Panadutsa mphindi zisanu. Zaka zonse iwo sankafika ziwiri. Kuseka kunatha, kunja kunkamveka munthu akusesa. Wina anatsokomola. Kenaka, pa mzere wachisanu ndi chimodzi, anawona H wamkulu amene mwendo wake wamanja unali wokhota kuposa zonse. Anachotsa maso, anabwezanso, ukadali wokhota. Mumtima anati: uyu si diso langa, uyu ndi abwana. Mantha ndi oipa, amakuwonetsa chimene ukufuna. Anawoloka choko, anatola pensulo, n'kuzunguliza H uja ndi dzanja lolimba.

Palibe anawomba m'manja.

Abwana anayandikira, anayang'ana bwalo lofiiralo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu, "Pamenepo palibe kanthu, amayi. Mwendowo ndi wowongoka."

Wamichira anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma atawona nkhope ya Mayi Mipata anatseka. Iwo anaima pomwepo, pensulo m'manja. Akanatha kuseka n'kunena kuti ukalamba. Anthu akanawakhululukira, ndipo mabotolo aja akanabwera patebulo lawo chaka chamawa, popanda wodziwa.

Anapita pomwe panali chikwama chawo. Zipi inakana kawiri. Anavula magalasi abwino, anavala a kansalu kakuda, n'kubwerera kuseri kwa choko, anthu akuwapatukira njira. Tsamba linakhala bata. H uja anali chilili, wowongoka ngati mlongoti. Diso lamanzere linatsika mzere ndi mzere monga linazolowera, ndipo pa mzere wachitatu kuchokera pansi linaima: r ndi a zinali zitatalikirana pang'ono, kampata kongokwana tsitsi limodzi. Anapita n'kukazunguliza.

"Ndi pomwepo," anatero abwana. Sanamwetulire. "Kuyambira liti?"

"Miyezi isanu ndi iwiri."

"Nanga lamanzerelo?"

Apa ndiye panali povuta, chifukwa yankho lake ankalidziwa ndi atelala okha. Mayi Mipata anayankha, "Adokotala akuti likhoza kutsatira. Tsiku sakulidziwa. Ndimaopa kukuuzani, abwana. Ndimaopa kuti mundigulira wotchi."

Za wotchizo palibe anazimvetsa, koma palibenso anafunsa. Abwana anakhala pampando paja panali pensulo. Anati chimene chawapweteka si diso, koma miyezi isanu ndi iwiri ija. Anati ntchito sakuwachotsa. Koma mabotolo a mankhwala adzawonedwa ndi anthu awiri, ndipo kuyambira Lolemba, ola limodzi tsiku lililonse, Mayi Mipata azikhala pakompyuta ndi Wamichira n'kumanena mokweza zonse zimene diso lawo likuwona, mpata ndi mpata, mpaka iyeyo atazigwira.

Mayi Mipata anamva bwino lomwe tanthauzo lake. Abwana anawasiyira mpando wawo, koma anawapatsanso ntchito yokonza amene adzakhalepo. Mayi Mipata anavomera ndi mutu. Wamichira, amene tsiku lonse sasowa chonena, anangoti, "Mundipirire, amayi, mutu wangawu ndi wouma."

Pomatula tsamba pakhoma, iye yemweyo anabwera ndi labala kuti afufute bwalo lolakwika lija. Mayi Mipata anamugwira dzanja.

"Lisiyeni, achimwene. Ndili nalo ntchito."

Tsamba lachisanu ndi chinayi silinapite pamwamba pa kabati kwa anzake. Atelala analikhomera pakhoma la kachipinda kaja, n'kulemba kamzere ka choko chawo chosokera pansi, mapazi asanu. M'mawa uliwonse, asanayatse kompyuta, Mayi Mipata amaima kuseri kwa kamzereko, amaphimba diso lamanja ndi chikhatho, n'kuyang'ana H wa m'bwalo lofiira. Kuseri kwa khoma makina amaima, atelala amadikira.

"Bwanji?" amafunsa.

Lero m'mawa anachedwa pang'ono kuyankha, mpaka atelala anadzuka pampando. Kenaka anati, "Ukadali wowongoka," ndipo makina anayambanso kulira.