Kaiti Yanga Inali Siketi

Mphepo ya Ogasiti yayambanso kuno kwathu ku Hobhouse, dera la m'tauni kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo lero yandimenya kumaso ndi pulasitiki yonunkhira buledi. Pompo ndakumbuka kaiti yanga yoyamba.

Anyamata a mumsewu mwathu anali ndi lamulo: amene kaiti yake yakana kuuluka, azingotolera anzake zawo zikagwa, mpaka kukalamba. Ine ndinkaganiza kuti chofunika n'kukula basi. Ndinamanga mabango anayi, lalifupi pamwamba, lalitali pansi, ena m'mbali, n'kukutapo pulasitiki, chinthu chachikulu ngati chitseko cha kombi, minibasi zija. Ndinathamanga nacho mpaka mapapo kufuna kutulukira m'kamwa, koma chinkangokwawa pambuyo panga, fumbi koboo!

"Mupfana, ukulima?" anafunsa Tendai, bwana wa gululo, amene aliyense wamng'ono ankamuitana choncho.

Sisi Chisomo anachinyamula akuseka. "Iwe, iyi ndi siketi yanga ya yunifomu! Kusukulu timati tirapiziyamu." Anamasula zonse, n'kumanga mabango awiri ngati mtanda, lopingasalo lili chakumtunda. Mbali ziwiri zam'mwamba zinali zazifupi zofanana, zam'munsi zazitali zofanananso. Kenako anapinda pulasitikiyo pakati. "Kumanzere kukapanda kuphimba kumanja ndendende, izingozungulira ngati chidakwa."

Inakwera, abale inu! Inapitirira mapiri onse, ndikhulupirira ngakhale a ku Mozambique anaiona. Tendai atafuna kugwirako ulusi, ndinamuuza kuti ayambe wanena "chonde bwana".

Panopa ndamaliza Fomu 4, ndikudikira zotsatira. Masamu enawo akudziwa ndi Mulungu, koma funso la maonekedwe a kaiti lokha, limenelo ndinalikhoza.